Khofi wa ku Dedza: kodi mlendo angalipire kudzaona munda wanu?

[Msewu wa M1 cha pa Bembeke. Magalimoto akudutsa, amayi atayala kachewere ndi kabichi m'mbali.]

Moni nonse, kulikonse komwe mukutionera. Taonani magalimoto awa. Ena akuthamangira ku Blantyre, ena akhotera pa Masasa kutsetsereka ndi msewu wa Golomoti kupita kunyanja. Mkatimo muli anthu amene anyamula ndalama yoti akadye poyenda. Akaima pano amagula kachewere wa ndowa imodzi, basi ulendo. Funso lathu lero ndi la mabanja amene ali ndi mitengo ya khofi kuseri kwa nyumba, kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu: mlendo ameneyu mungamuimitse bwanji kwa maola atatu?

Khofi si mbewu yachilendo m'dziko muno. Anafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh ku Scotland, ndipo masiku ano alimi ang'onoang'ono amene akudziwika naye kwambiri ndi a kumpoto, ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya. Kunoko ndi wochepa, koma khofi wa mtundu wa Arabica amakonda malo okwera ndi ozizira, ndipo tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Vuto lake mlimi amalidziwa: mtengo umatenga zaka zitatu usanayambe kubereka, ukabereka ndi kamodzi pachaka, ndipo mtengo wogulitsira amakuuzani ndi wogula.

[Manja a mayi akuthyola zipatso zofiira, kusiya zobiriwira.]

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Zipatso zofiira zolemera makilogalamu 5 kapena 6 zimatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wouma wochotsa makoko. Mukamukazinga amapepukanso, mumatsala ndi magalamu pafupifupi 800. Kapu imodzi imafuna magalamu 10. Ndiye kuti zipatso zomwe mukanagulitsa pa sikelo kamodzi n'kuiwala, muli makapu 80. Ndalama ya khofi imakhala mu kapumo, ndipo nthawi zambiri amaidya ndi ena a m'tawuni.

Mlendo akabwera pakhomo, sagula kapu yokha. Mpatseni kadengu athyole yekha. Aone mukuthira zipatso m'madzi, zoyandama n'kuzitaya chifukwa ndi zopanda kanthu. Agwire khofi wosenda uja wanoninoni asanatsukidwe, aone khofi wina akuuma pa thandala. Kenako mtondo, lichero, chiwaya pa mbaula. Apa musamufulumizitse: atakase yekha mpaka amve kuthetheka, fungo litadzaza bwalo lonse, asinje, amwe. Kwa inu ndi ntchito yothyola msana, koma munthu amene wamwa khofi zaka 20 osaonapo mtengo wake atulutsa foni n'kujambula chilichonse. Mwayi wina ndi woti khofi amapsa m'chilimwe, miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye kupita mtsogolo, nthawi yomwe misewu yafumbi imapitika.

[Zojambula za pamwala ku Chongoni, kenako zosemasema za ku Mua.]

Alendowo simuchita kuwafuna kutali. Amabwera kale ku Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Amapita ku Mua, mishoni ya 1902, kukaona za chikhalidwe ku Kungoni. Ena amakwera phiri la Dedza n'kukadya ku Dedza Pottery. Ndipo musamangoganiza za azungu ayi. Lilongwe ili pa makilomita osakwana 100, ndipo kuli mabanja, masukulu ndi magulu a kutchalitchi amene Loweruka amasowa kopita.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi apa: kuthamangira ngongole kuti amange malo ogona. Ayi ndithu, zimenezo n'za mtsogolo. Yambani ndi chimbudzi chabwino chokhala ndi chitseko ndi chivundikiro, mpondagiya ndi sopo, madzi akumwa owiritsa, mpando pamthunzi. Mlendo amakhululuka msewu woipa, koma chimbudzi chonunkha amakachilemba pa Facebook. Mtengo unenedwe asanatsike m'galimoto, wolembedwa, umodzi, osati kuyamba kuyang'ana nsapato zake kaye. Nambala ya WhatsApp iziyankhidwa, Airtel Money kapena Mpamba zizigwira ntchito, chifukwa anthu a m'tawuni sayendanso ndi ndalama zambiri m'thumba.

Banja limodzi lokha silingathe, makamaka poti alendo amabwera nthawi yomweyo imene manja onse akufunika kumunda. Gwirizanani makomo anayi kapena asanu, muzilandira mosinthana. Wina aphike nsima ya mgaiwa ndi nyemba ndi nkhwani wotendera, mnyamata wodziwa Chingerezi atsogolere, wa kabaza akawatenge pamsewu. Amfumu adziwe kuyambira tsiku loyamba, ndipo kagawidwe ka ndalama kalembedwe m'kope ngati mmene mumachitira ku banki m'khonde, amayi amene aphika asaiwalidwe.

Alendo ena adzafunsa za Gule Wamkulu kapena ngoma ya Angoni. Zimenezo zili ndi eni ake. Atumizeni kwa amfumu akapemphe mwaulemu, inu bwererani pa chiwaya khofi asapserere.