Mawu a m'mawa: Kamtsikana ka m'nyumba ya Namani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Kuno ku Mulanje kwacha ndi chiperoni, phiri silikuoneka n'komwe. Tiwerenge 2 Mafumu 5:1-4.

Nkhaniyi timaikonda chifukwa cha Namani, mkulu wa asilikali a ku Aramu, amene khate lake linatha atamira kasanu ndi kawiri mu Yordano. Koma lero mtima wanga waima pa vesi 2. Asilikali atakathira nkhondo ku Israyeli, anagwira kamtsikana, ndipo kanakakhala kapolo wa mkazi wa Namani. Dzina lake silinalembedwe. Za mayi ake Baibulo lili chete. Namani atachira, palibenso vesi lonena kuti mwanayo anabwezedwa kwawo.

Ife a kuno kamtsikana kameneka tinakaona ndi maso athu. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, anthu oposa 1 miliyoni anathawira m'Malawi muno, ndipo ambiri ochokera cha ku Milange analowera pa Muloza pompa. Ana ena anafika okhaokha, mapazi atatupa, osadziwa kumene makolo awo alowera. Ena anakhala m'makomo mwathu, kutunga madzi ndi kulera ana athu, malipiro ake nsima basi. Tisabise, ena mwa ife tinali mkazi wa Namani.

Ndili Sitandade 4, m'kalasi mwathu munabwera mnyamata wa kutsidyako. Tsiku lina mphenzi itang'amba, iye anadzigwetsa chafufumimba n'kuphimba mutu ndi manja, akunjenjemera thupi lonse. Tinamuseka, inenso ndinaseka nawo. Ndinadzamva nditakula kuti mkulu wake anatengedwa ndi asilikali iye akuona, kuti azikawanyamulira katundu. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kuja ndimachita manyazi pamaso pa Mulungu.

Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, koma m'mutu mwa mwana nkhondo siitha tsiku losaina. Ngakhale m'nthaka inatsalira: dziko la Mozambique linadzalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira mu 2015, patapita zaka 23. Ndipo kuyambira 2017 ana a ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, akuthawanso nkhondo ina, sukulu zawo zikutsekedwa, ena akugwidwa n'kupatsidwa mfuti.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti kamtsikana kaja, ndi chilonda chonsecho, n'kamene kanauza mbuyake kuti ku Samariya kuli mneneri. Akuluakulu anakalanda zonse, koma Mulungu sanakataye. Iye amadziwa kuthawa usiku: Yesu naye anatengedwa ali kamwana kupita ku Igupto, Herode akupha ana ku Betelehemu.

Anzathu othawa nkhondo aja lero ndi abambo ndi amayi. Ena anabwerera, ena anakhazikika konkuno, timagula nawo malonda pa Limbuli, timakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi. Kodi tinawafunsapo zimene anaona?

Tipemphere. Atate, Inu mumadziwa dzina la mwana aliyense amene wagona kutchire usiku wathawu, ku Cabo Delgado, ku Sudan, ku Congo, ku Gaza. Bwezerani obedwa kwa amayi awo. Kumbukirani ana a pa msasa wa Dzaleka. Ndikhululukireni chifukwa cha mnyamata uja, ndipo kumene ali, mumupatse tulo tabwino mvula ikamagunda. M'dzina la Yesu, Amen.