Tisanapite ku myuziyamu ya pa yunivesite: tikaone ndi maso, manja tiwasunge

Zikomo kwambiri amayi, abambo ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndaima pano chifukwa cha nkhani imene yakhala pakamwa pa anthu kuyambira mwezi watha, pamene ana athu anapita kukaona myuziyamu ya zaluso ya pa yunivesite. Ena akunena kuti mwana wina anagwidwa ndi alonda, ena akuti makolo ake adzalipitsidwa, ndipo ndamva kuti amayi angapo afafaniza kale mayina awo pa ulendo wa akuluakulu umene tikukonza. Ine ndinali nawo pa ulendowo, choncho ndiloleni ndifotokoze zimene zinachitika. Mnyamata wina anakopeka ndi chithunzi cha nyanja chopakidwa penti wokhuthala, ndipo anatambasula chala kuti amve ngati mafundewo analidi otukuka. Belu linalira, mlonda anabwera n'kumupempha mwaulemu kuti abwerere m'mbuyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe amene anamangidwa. Komabe chala chija chinakhudza penti, ndipo chimenechi ndicho chandiimika pamaso panu lero: ku myuziyamu timaona ndi maso, manja timawasunga.

Tidziwe kaye kumene tikupita. Mayunivesite anayamba kalekale kusunga zaluso kuti ophunzira azikhala nacho chinthu chenicheni pamaso pawo, osangomva za icho kwa mphunzitsi. Ku Oxford, m'dziko la England, myuziyamu ya Ashmolean inatsegulidwa mu 1683, itayamba ndi zinthu zimene Elias Ashmole anapereka ku yunivesite. Ku Cambridge kuli Fitzwilliam, imene inayamba mu 1816, ndipo ku America yunivesite ya Yale inatsegula yake mu 1832 ndi zithunzi za wojambula John Trumbull, amene mpaka lero manda ake ali pansi pa nyumbayo. Ku Johannesburg, Wits Art Museum inatsegula zitseko zake mu 2012 ndipo imasunga zosemasema, mikanda, nsalu ndi zojambula zochokera m'mayiko ambiri a mu Africa. Ndatchula zaka zimenezi kuti muone kuti zinthu za m'nyumba zoterezi zadutsa m'manja mwa mibadwo yambiri ya osamalira, ndipo aliyense wa iwo anayesetsa kuti zifike kwa ife zili zathunthu.

Mwina wina akuti, "Chala chimodzi chingawononge chiyani?" Ngakhale mutasamba m'manja ndi sopo, khungu limatulutsabe thukuta, mafuta ndi mchere. Pa chiboliboli cha mkuwa, chidindo cha chala chimatha kudya chitsulo pang'onopang'ono mpaka kusiya chizindikiro chosachoka. Pa pepala, mafuta amakoka fumbi n'kusiya banga. Penti wakale amakhala ndi ming'alu ing'onoing'ono imene maso sangaione msanga, ndipo kungomukhudza kokha kungathothole kachidutswa. Tsono ganizirani kuti pa chithunzi chimodzicho pamadutsa anthu ambirimbiri chaka chilichonse. Aliyense atati agwireko kamodzi kokha, adzukulu athu adzapeza chiyani? Ndiye ndikubwereza: tikaone ndi maso, manja tiwasunge.

Si manja okha ayi. Mu 2006, mlendo wina ku Fitzwilliam anagwa pa masitepe, akuti atapunthwa pa chingwe cha nsapato yake, n'kugwera mitsuko itatu ya ku China ya nthawi ya mafumu a Qing, imene inali pawindo. Mitsukoyo inasweka n'kukhala tizidutswa tambirimbiri, ndipo katswiri anatha miyezi akulumikiza kachidutswa ndi kachidutswa. Ndikakumbukira nkhani imeneyi ndimaganiza za ife, makamaka abambo ena amene mumayenda maso ali pa foni, ndi amayi amene mumatembenuka mwadzidzidzi chikwama chachikulu chili paphewa. Sindikutchula munthu, koma tikudziwana. Inunso makolo, mwana akayamba kuthamanga m'chipinda musamasiyire mlonda kuti amuletse, chifukwa mwanayo ndi wanu.

Bambo mwakweza dzanja, lankhulani.

"Zikomo. Inu mukuti tisagwire. Koma ndimamva kuti zambiri za m'nyumba zimenezi zinasemedwa ndi anthu a mu Africa, ndipo zinatengedwa mokakamiza. Nanga zikutheka bwanji kuti mwini chinthu aletsedwe kuchigwira, pamene wochilanda ndiye akuika malamulo?"

Bambo, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilizemba. Zimene mwamvazo zili ndi choonadi. Mu 1897 asilikali a Britain anaukira mzinda wa Benin, umene lero uli m'dziko la Nigeria, n'kulanda zosula za mkuwa ndi zosema za minyanga zikwi zingapo kunyumba ya mfumu yawo, mfumu imene kumeneko amaitcha Oba. Zinthuzo zinagulitsidwa n'kumwazikana, ndipo zina zinakathera m'mayunivesite. Yunivesite ya Aberdeen ku Scotland inagula mutu wa mkuwa wa Oba mu 1957, ndipo koleji ya Jesus ku Cambridge inasunga tambala wa mkuwa kwa zaka zambiri m'chipinda chake chodyera. Mu 2021 onse awiriwa anabweza zinthuzi kwa anthu a ku Nigeria. Ku Cambridge, amene anayambitsa phokoso loti tambalayo abwezedwe anali ophunzira, ndipo apa ndi pamene myuziyamu ya pa yunivesite imasiyana ndi zina, chifukwa ili pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso. Ine ndikuona kuti zimene zabwezedwa ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zatsala, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Komabe, Bambo, taganizirani izi. Tambala uja anatha kubwerera kwawo chifukwa anali akadali wathunthu. Chinthu chimene chikuyembekezera kubwerera kwa eni ake ndicho chofunika kuchisamala koposa. Ndiponso si zonse zinalandidwa: zina zinagulidwa kwa amisiri eni ake, zina zinaperekedwa ngati mphatso, zina n'zopangidwa ndi aphunzitsi ndi ophunzira a pa yunivesite pomwepo. Njira yodziwira ndi kuwerenga kachikwangwani kamene kamakhala pambali pa chinthu chilichonse, kamene kamanena wochipanga, chaka, chimene anapangira, ndi mmene chinafikira m'nyumbamo. Ngati kachikwangwaniko sikakunena mmene chinthucho chinabwerera, funsani wotiperekeza, ndipo funsani molimba mtima monga mwafunsira pano. Pakamwa mutsegule, koma manja muwasunge.

Tsono ndinene za amayi amene mwafafaniza mayina poganiza kuti kumeneko n'kwa anthu ophunzira okhaokha. Nyumba zimenezi zambiri zimakhala ndi ogwira ntchito amene udindo wawo ndi kulandira anthu wamba: amaperekeza magulu, amakonza masiku oti ana ndi makolo ajambule kapena kuumba limodzi, amaitana amisiri kuti afotokoze ntchito zawo, ndipo zina zimakhala ndi zinthu zosankhidwa mwapadera zoti anthu osaona azigwire. Pamenepo pokha, wogwira ntchito akakupatsani chinthu m'manja, ndi pamene mungagwire. Ku Yale, ngakhale ophunzira udokotala amatengedwa kukaima pamaso pa chithunzi n'kufotokoza zonse zimene akuona, kuti akadzaima pamaso pa wodwala asadzaphonye kanthu. Luso loona bwino silifuna satifiketi, ndipo mayi amene amazindikira kuti mwana wadwala pongomuyang'ana nkhope ali nalo kale.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kukhomo, choncho zotsalazi ndinena mwachangu. Zikwama zikuluzikulu ndi maambulera tidzasiya polowera, ndipo chakumwa chilichonse sichilowa m'zipinda zoonetsera. Pofuna kulemba tidzagwiritsa ntchito pensulo, chifukwa inki ikadontha sichoka. Musanajambule ndi foni funsani kaye, ndipo fulashi muzimitse. Mukapeza chipinda chili ndi kuwala kochepa musadandaule, amachita dala chifukwa kuwala kumafwifwitsa nsalu ndi mapepala. Muime patali ndi chithunzi ngati kutalika kwa mkono, musatsamire makoma kapena magalasi, ndipo mwana aliyense wamng'ono akhale ndi wamkulu womugwira dzanja. Musalimbane n'kuona zonse, sankhani zinthu zitatu kapena zinayi muziyang'ane mofatsa. Amene mumayenda movutikira mundiuze lero kuti tidziwitse a kumyuziyamu akonzeretu njinga za olumala ndi mipando. Pepala la mayina lili patebulo apa, ndipo amayi amene munafafaniza aja, pensulo ndi iyi.