Nkhope ya Labani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge Genesis 31.

Yakobo anakhala zaka 20 pakhomo pa Labani ku Harana, ndipo kwathu kuno tikadamutcha mkamwini, pakuti Labaniyo anali malume ake komanso apongozi ake. Anagwira ntchito zaka 14 chifukwa cha Leya ndi Rakele, ana aakazi a Labani amene anawakwatira, zina 6 chifukwa cha ziweto, ndipo malipiro ake anasinthidwa kakhumi. Sanamangidwe ndi chingwe ngati kapolo, koma atapempha kuti abwerere kwawo mwana wake Yosefe atangobadwa, Labani anamunyengerera ndi mawu okoma kuti akhalebe, popeza anaona kuti madalitso a pakhomopo ankadzera mwa mkamwiniyo.

Vesi 2 ndi limene limandikhudza kwambiri. Yakobo anaona kuti nkhope ya Labani sinalinso monga kale. Labani sanakalipe, sanaletse kanthu, anangosintha nkhope, koma bambo wamkulu wa ana ambiri anachita mantha mpaka anachoka mozemba, ngakhale kuti Mulungu mwini anali atamuuza kale kuti abwerere kudziko la makolo ake.

Nkhope imeneyi ambiri a ife timaidziwa. Ndi ya m'bale amene anakulipirira sukulu, ndipo sananenepo kuti umubwezere, koma ukasankha ntchito kapena banja osamufunsa amasiya kuyankha foni. Ndi ya mwamuna kapena mkazi amene amangoti palibe vuto, kenaka nyumba yonse n'kukhala chete masiku atatu. Ulamuliro wotere ndi wovuta kuudandaula kwa ankhoswe kapena kwa abusa, chifukwa ukafunsidwa kuti wakuchita chiyani, umasowa choloza, ndipo umayamba kudziona ngati wosayamika. Makolo anati kupatsa n'kuika, koma sanatanthauze kuti amene wamupatsa wasanduka katundu wako.

Ndikupempheni kuti tisafulumire kudziika pamalo a Yakobo, pakuti ine ndemwe ndadzipezapo ndikukwinyira nkhope mwana amene ndinamuthandiza, pongofuna kuti asachite chimene sindinachivomereze. Labani atamupeza Yakobo kumapiri a Gileadi, patapita masiku 7 akumulondola, zamumtima zinatuluka poyera: ana aakaziwa ndi anga, anawa ndi anga, ziwetozi ndi zanga, zonse ukuzionazi ndi zanga. Mawu amenewa anali atabisala zaka zonsezo kuseri kwa chibale.

Mulungu sanathetse chibalecho, komanso sanamubweze Yakobo ku Harana. Awiriwa anaunjika mulu wa miyala, napangana kuti aliyense asaudutse ndi cholinga chochitira mnzake choipa, ndipo anadyera pamodzi pomwepo. Kutacha m'mamawa Labani anapsompsona zidzukulu zake ndi ana ake aakazi, anawadalitsa, nabwerera kwawo, ndipo Yakobo anapitiriza ulendo wake.