Lumo lakale limanena lokha kwawo

Moni nonse omvera, kulikonse komwe muli. Ndikulankhula kuchokera ku Sheffield kuno ku England, ndipo lero nkhani ndi ya lumo. Osati lezala yotaya ija ayi, koma lumo lopinda, lometera ndevu, lomwe amanolera pa chikopa.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Agogo ena amene ndimawathandiza m'mawa anatulutsa lumo la agogo awo m'kabati, amvekere, "Mwanawe, maso anga anatha, tandiwerengera zalembedwa apazi." Ndinati, "Bweretsani kuno pawindo, agogo, pali kuwala."

Mukafuna kudziwa kwawo kwa lumo, musayambire pa chigwiriro. Chigwiriro chimathyoka, wina n'kuikapo china, ndiye kaya ndi cha nyanga, cha fupa kapena cha pulasitiki yakale yotchedwa celluloid, chikhoza kukunamizani. Yang'anani pakhosi pa chitsulocho, pomwe pamakhala chala chachikulu pometa. Pamenepo m'pamene amisiri ankadinda dzina ndi chizindikiro chawo. Pa lumo la agogowa panali nyenyezi ndi kamtanda, chizindikiro cha Joseph Rodgers & Sons, kenako dzina loti Sheffield. Loti England panalibe.

Kusowa kwa dzinali n'kofunika kwambiri. Lamulo la ku America la 1890, lotchedwa McKinley Tariff, linati kuyambira 1891 katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dziko lomwe wachokera. Amisiri a kuno, poti msika wawo waukulu unali komweko, anayamba kudinda England. Choncho lumo lolembedwa Sheffield yekha kawirikawiri limakhala lakale kuposa chaka chimenecho. Nditapendeketsa chitsulocho ndinaonanso kachisoti kachifumu pakati pa zilembo V ndi R. Ameneyo ndi Mfumukazi Victoria wa ku Britain, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Chitsulo cha lumoli n'chonenepa, chosakumbika m'mbali ngati malumo a pambuyo pake. Zonsezi zikuloza pakati pa 1837 ndi 1891. Agogo aja anangoti, "Eya, n'zoona, anali anthu a nthawi imeneyo."

Malumo akale si onse a kuno. Mukaona Solingen ndi la ku Germany, Thiers ndi ku France, Eskilstuna ndi ku Sweden.

Chondipweteka n'chakuti ambiri akaona dzimbiri amathamangira sandipepala, n'kufufuta zilembo zomwezo. Chonde musatero. Dontho la mafuta ndi kansalu kofewa n'zokwanira kuti muwerenge, ndipo lisungeni pouma. Tionana sabata yamawa.