Amayi, mukabayitsenso katemera mukakafika ku Johannesburg

Amayi, moni. Ndikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ndangoweruka kumene ku ntchito ya usiku, ndipo ndisanagone ndati ndiyankhe funso lija munandifunsa Lamlungu, loti n'chifukwa chiyani ndikuumirira kuti mukabayitsenso katemera wa fuluwenza mukakafika kwa achimwene mu Epulo, chikhalirecho munabayitsa kale muli kuno ku Leeds mu Okutobala.

Munanena zoona kuti ifeyo munatibayitsa katemera wa chikuku tili makanda ndipo mpaka lero sitinabwerezenso. Kachilombo ka chikuku sikasintha maonekedwe ake, koma ka fuluwenza kamasintha chaka ndi chaka. Pakhungu pake pali timinga ta mitundu iwiri, timene madokotala amatitchula ndi zilembo H ndi N, ndipo ndi kumene kumachokera maina monga H1N1 ndi H3N2. Asilikali a m'thupi amakazindikira kachilomboka poona timingati, monga momwe inu mumazindikirira mlendo pankhope asanalankhule n'komwe. Tsono kachilomboka kakamaswana m'thupi mwa munthu kamakopera malangizo ake mothamanga, ngati mwana wasukulu amene akukopera za pabolodi mphunzitsi atagwira kale chofufutira, ndipo palibe wobwera kudzakonza zimene zalakwika. Zolakwikazo zimaunjikana pang'onopang'ono mpaka timinga tija timasintha, ndiye asilikali amene anaphunzitsidwa nkhope yakale amachedwa kuzindikira kuti mdani walowa.

Palinso kusintha kwina kwakukulu kumene kumachitika kamodzikamodzi. Malangizo a kachilomboka ali m'zidutswa 8, ndipo tizilombo tiwiri tosiyana tikakumana m'thupi limodzi, mwachitsanzo la nkhumba, timatha kusinthana zidutswazo n'kutulutsa kachilombo kachilendo kwa anthu ambiri. Miliri ya 1957, 1968 ndi 2009 inabwera motero.

Chifukwa cha zimenezi, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limasonkhanitsa akatswiri kawiri pachaka kuti aone mitundu imene ikuzungulira m'maiko osiyanasiyana ndi kusankha yoyenera kulowa m'katemera. Mu Febuluwale amasankhira maiko a kumpoto monga kuno, ndipo mu Sepitembala amasankhira maiko a kummwera monga South Africa, chifukwa kuno kukamatentha ndi pamene kumeneko kukuzizira. Amasankhiratu nthawi ikadalipo popeza kupanga katemerayu kumatenga pafupifupi miyezi 6, ndipo wambiri amakulitsidwa m'mazira a nkhuku. Choncho amene munalandira kuno anasankhidwa mu Febuluwale chaka chatha, pomwe amene mukamupeze ku Johannesburg anasankhidwa pambuyo pake. Komanso mphamvu ya katemerayu imacheperachepera miyezi ikamapita, makamaka kwa anthu a msinkhu wanu.

Sindikubisirani, Amayi, kuti zaka zina kachilomboka kamasinthanso katemera atapangidwa kale, ndipo munthu wobayitsa amathabe kudwala. Koma kuntchito kwathu, kumene timasamalira agogo, ndimaona ndi maso anga kusiyana kwake. M'nyengo yozizira yapitayi gogo wina amene anabayitsa anagona masiku angapo akutsokomola, kenaka ndinamupeza atakhala pawindo akumwa tiyi ndi manja ake. Zimene ndimaopa ndi chibayo chimene chimabwera pambuyo pa fuluwenza, ndipo kwa inu amene muli ndi matenda a shuga chiopsezocho n'chachikulu, chifukwa thupi likatentha shuganso amavuta kumuwongolera.

Ku South Africa fuluwenza amavuta kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo thupi limafuna masabata awiri kuti lipange chitetezo mukabayitsa. N'chifukwa chake ndikupempha kuti achimwene akakutengereni ku famase kapena kuchipatala sabata yoyamba yomweyo, musanayambe kuyendera abale ndi kulowa m'tchalitchi modzaza anthu. Mukawauze anamwino za shuga wanu, mukawaonetse mankhwala onse amene mumamwa, ndipo mukatenge kakhadi kaja anakulemberani kuno kuti akaone tsiku limene munabayitsa. Mkono ukhoza kupweteka tsiku limodzi kapena awiri, mwinanso mudzamva kuphwanya m'thupi pang'ono, koma jakisoniyo sangakupatseni fuluwenza chifukwa mulibe kachilombo kamoyo.

Ngati mungadzayambe kutentha thupi ndi kupuma movutikira muli kumeneko, musadzamwe makapisozi otsala m'chikwama, pakuti mankhwala monga amoxicillin sapha kachilombo ka fuluwenza, koma mudzapite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndalama ya katemerayo nditumiza kwa achimwene Lachisanu ndikalandira, ndipo ndidzaimba Lamlungu madzulo kuti ndimve tsiku limene mwagwirizana. Mupereke moni kwa azakhali.