Makalata Anu: Taal, Tauni Yomwe Inathawa Phiri

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota. Akuti: "Achimwene, mu Januwale 2020 ndinamva pa nkhani kuti Taal waphulika ku Philippines. Posachedwapa mnzanga wandiuza kuti Taal ndi tauni yakalekale. Kodi anthuwa anamanga nyumba pamwamba pa phiri lamoto?"

Zikomo bambo polemba. Ayi, sanamange paphiri. M'chigawo cha Batangas, kumwera kwa Manila, dzina loti Taal ndi la phiri, la nyanja yomwe yazinga phirilo, komanso la tauni. Tauniyo inakhazikitsidwa mu 1572 ndi ansembe a chipani cha Augustine Woyera ochokera ku Spain. Kwa zaka zambiri inali m'mphepete mwa nyanjayo, pomwe lero pali San Nicolas, ndipo inafika pokhala likulu la chigawo.

Tsoka linagwa mu 1754. Phiri linayamba kulavula moto mu Meyi, osalekeza mpaka Disembala. Phulusa linakwirira minda, madenga n'kumagwa polemedwa nalo. Anthu anasenza zomwe akanatha n'kukakhala pachitunda, pafupi ndi kachisi wa Amayi Maria wa ku Caysasay, moyang'anana ndi gombe la Balayan. Ulikulu unapita ku tauni ya Batangas. Mukafika ku San Nicolas lero mukapeza makoma a tchalitchi chakale ali chiimire, opanda denga.

Ine chimandigwira mtima n'chakuti anthuwa sanabalalike. Anasamuka pamodzi, dzina lawo osalisiya, n'kuyambiranso. Mu 1856 anayamba kumanga tchalitchi cha Martin Woyera wa ku Tours, chomwe chimawerengedwa m'gulu la matchalitchi aakulu kwambiri ku Asia. Mayi Marcela Agoncillo, omwe anasoka mbendera yoyamba ya Philippines ku Hong Kong mu 1898, analinso mbadwa ya Taal.

Kalata ina pa nkhani yomweyi ndi ya mayi wogulitsa nsomba ku Mangochi. Akufunsa mwachidule: "M'nyanja yokhala ndi phiri lamoto pakati, nsomba zingakhalemo?"

Zilimo mayi, ndipo mbiri yake ndi ya 1754 yomweyo. Kale madzi amchere ankalowa m'nyanjayi kudzera mumtsinje wa Pansipit. Phulusa litachepetsa mtsinjewo, mchere unayamba kutha pang'onopang'ono, ndipo nsomba zomwe zinatsekeredwamo zinazolowera madzi atsopanowo. Yotchuka ndi tawilis, kansomba kakang'ono kangati usipa wathu, komwe sikapezeka kwina kulikonse padziko. Amakakazinga kaphumphu mpaka kuuma, n'kudyera mpunga. Koma kachepa chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, moti boma limaletsa kukapha m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, nthawi yomwe kamaswana. Inu a ku Mangochi kutseka nyanja mumakudziwa bwino, sindingakuphunzitseni.

Pitirizani kutilembera, ena tiwerenga sabata yamawa.