Magemu Akale Omenyana pa Intaneti: Bandulo Yaikulu Sikupulumutsani

Ken mukumuonayu mu gemu ya Street Fighter ndine. Chun-Li akundiswa mbamayu ali ku Johannesburg. Ine ndili pano pa Matawale, ku Zomba, pa laputopu yoti batire yake inafa kalekale, intaneti ndikukoka pa foni. Taonani... taonani... eee, wandimaliza. Zilibe kanthu. Koma mwaona kuti gemu sinadodome olo kamodzi?

Takulandirani akuluakulu. Ngati ndi koyamba kufika pa tchanelo ino, dinani kaye batani lofiiralo m'munsimu, si la ndalama. Lero tikusewera magemu aja tinkathera nawo makobidi a ndiwo tili ana, koma tsopano tikumenyana ndi munthu ali kutali. Ndipo pali bodza limodzi landikwana, tilifikira.

Choyamba. Emulator ndi pulogalamu yomwe imanamiza gemu kuti ili pa makina ake akale, chonsecho ili pa kompyuta yanu. Zilipo zambiri, koma pa nkhani yomenyana pa intaneti pitani ku Fightcade basi. Ndi yaulere. M'kati mwake muli ma emulator monga FinalBurn Neo, ya magemu a Capcom ndi a Neo Geo, komanso Flycast ya Dreamcast. Dawunilodani, tsegulani akaunti, mwamaliza.

Chachiwiri, gemu yeniyeniyo, yomwe amati ROM. Musandifunse kuti ndiitenge kuti, sindiyankha, magemuwa ali ndi eni ake ndipo ena akugulitsidwabe mpaka lero. Chomwe ndikuuzeni ndi ichi: fayilo ya zip musaimasule, isiyeni momwemo mu foda ya ROMs. Ngati ndi King of Fighters '98 kapena 2002, mufunikanso neogeo.zip pambali pake, apo ayi mungoona mdima. Theka la mauthenga omwe mumanditumizira usiku vuto lake limakhala limeneli.

Chachitatu, padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera gemu. Iliyonse ya USB ya mumsika imagwira. Kiyibodi imagwiranso. Konzani mabatani, pitirirani.

Tsopano khalani pansi bwinobwino.

Sabata yatha ndili pa depoti ndikudikira minibasi ya ku Limbe, mnyamata wina wandizindikira n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndimafuna kusewera koma neti yathu ya kuno ndi yochepa, mpaka nditapeza ya ma Mbps ambiri." Ndamva zimenezi ku Chikanda kwa ana a ku Chanco, ndamva ku Chinamwali, ndamva kwa msuweni wanga yemwe. Ndi bodza. Ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo likuwonongetsa anthu ndalama.

Taganizani. Mukamasewera pa Fightcade, gemu yonse ili pa kompyuta yanu. Mnzanuyonso ali nayo yonse kwake. Palibe chithunzi chomwe chikuyenda pa intaneti, palibe nyimbo, palibe vidiyo. Chomwe chikuyenda ndi uthenga woti "uyu wadina kutsogolo, uyu wadina chibakera." Basi. Kanthu kochepetsetsa. Vidiyo mukuonerayi ikukudyerani bandulo yambiri kuposa ndewu ya King of Fighters yotalika chimodzimodzi.

Ma Mbps aja ndi kukula kwa galimoto. Lole yonyamula matumba a chimanga. Koma inu mulibe matumba, muli ndi kakalata kamodzi kofunika kufika msanga. Kakalata mumafunira lole? Mumafuna wa kabaza wothamanga, wosaima panjira. Nthawi yomwe wa kabazayo amatenga kupita ndi kubwerera ndiye ping, ndipo amaiyeza mu ma millisecond. Nambala imeneyo ndiyo muziyang'ana, Fightcade imakuonetsani pa dzina la munthu aliyense musanamuitane.

Tiwerenge pang'ono, musathawe, si mayeso a Fomu 4. Magemuwa amajambula mafulemu pafupifupi 60 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti fulemu imodzi ndi ma millisecond 16 ndi kanthu. Ping ikakhala 100, ulendo wopita wokha ndi 50, omwe ndi mafulemu atatu. Mafulemu atatu mu Street Fighter III: 3rd Strike ndi nkhani yaikulu. Amene munaonapo Daigo Umehara akukana mateche onse a Chun-Li wa Justin Wong pa Evo ya 2004, mpikisano waukulu wa magemu omenyana, ali ndi kamoyo kotsalira ngati ulusi, mukudziwa chomwe ndikunena.

Ndipo ping ili ndi malire omwe ndalama sizingagule. Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa millisecond imodzi. London ili pa mtunda woposa makilomita 8,000 kuchokera kuno. Kupita ndi kubwera, ndiye ma millisecond 80 atha kale, chingwecho chikanakhala chowongoka ngati nsungwi. Koma si chowongoka. Ife tilibe nyanja yamchere, neti yathu imayamba yadutsa m'maiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja, kenako n'kuzungulira. Ndiye gulani bandulo ya mwezi wonse, gulitsani mbuzi, wa ku London adzakhalabe kutali. Mwandimva kumbuyoko?

Nanga bwanji ndewu yanga ija ndi wa ku Johannesburg inayenda bwino? Apa ndi pomwe pali nzeru. Kale magemu a pa intaneti ankadikira. Mwadina batani, gemu iime kaye mpaka uthenga wa mnzanu ufike. Zinkakhala ngati mukumenyana m'matope a dzinja. Ndiye munthu wina dzina lake Tony Cannon, m'modzi mwa oyambitsa Evo, anapanga GGPO, njira yomwe timati rollback. Gemu sidikira. Imangolosera kuti mnzanuyo akupitiriza kudina zomwe amadina kale, n'kumapitirira. Uthenga weniweni ukafika, ngati inalosera bwino, palibe chomwe muone. Ngati inaphonya, imabwerera m'mbuyo mafulemu angapo, n'kukonza, n'kukupezaninso pomwe muli, zonsezi musanaphethire. Ping ikachepa simuzindikira n'komwe. Ikachuluka ndi pomwe mumaona Iori wa mu King of Fighters ali uko, mwadzidzidzi ali pakhosi panu ngati wakhwima. Si ufiti, abale. Ndi mtunda.

Mdani wanu weniweni ndi ping yosakhazikika. Pano 60, pano 300, pano 80. Wa kabaza woima pa golosale iliyonse kucheza. Ine zinandichitikira: ndatsala pang'ono kupambana, mlongo wanga walumikiza foni yake pa hotspot yanga n'kuyamba kuonera TikTok. Kakalata kanga kanakhala pa mzere kumbuyo kwa matumba ake. Ndinagonja, ndipo sitinayankhulane mpaka nthawi ya nsima.

Mwa njira, gulu lathu la pa WhatsApp la osewera a kuno ku Zomba ndi ku Blantyre likukula, linki ili m'munsimu. Lowani, chifukwa mankhwala a ping ndi kupeza anthu apafupi. Vidiyo ya sabata yatha ya kakonzedwe ka padi yomwe batani lake lamira iliponso, ikuonekera pakona apa.

Tinali pa nambala chani? Chachinayi, eti. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe cha USB m'malo mwa Wi-Fi, ndipo ikani foniyo pawindo pomwe netiweki imakoka bwino. Muli ndi rauta, gwiritsani chingwe. Imitsani Windows isamadzidawunilodere zinthu mwakachetechete. Achibale achotseni pa hotspot, muwapepese mawa.

Chachisanu, mu Fightcade muli poika delay, kutanthauza mafulemu omwe gemu imachedwetsa batani lomwe mwadina. Ndi mnzanu wapafupi, 1 kapena 2 zakwana. Wakutali, kwezani pang'ono, mabatani alemera koma kudumphadumpha kuchepa.

Chachisanu ndi chimodzi, ulemu. Muzipinda za King of Fighters za pa Fightcade mumadzaza anyamata a ku South America ndi a ku Asia, ndi akatswiri zedi, koma mukaona ping yafiira musawaitane, mungotopetsana. Ndewu ikatha lembani "ggs", kutanthauza "good games", tasewera bwino. Ndipo magetsi akakuthimirani pakati pa ndewu, monga atichitira kuno kawiri sabata ino, mukabwerera kapepeseni, asamati a ku Malawi amathawa akaona kuti akugonja.

Ndiye Loweruka lino 8 koloko madzulo ndikhala m'chipinda cha King of Fighters '98. Mnyamata wa pa depoti uja, ngati ukuonera, bwera ndi kabandulo kako ka tsiku limodzi komweko. Ine nditenga Iori. Dikira... wa ku Johannesburg uja wandiitananso. Iyayi aise, ulendo uno sundipha.